Nkhalango za Mvula: Kumene Chilimwe Sichidziwika

Mwezi wa Okutobala ukafika, maso a mlimi aliyense amakhala kumwamba. Dzuwa limaswa mtengo, zitsime zimaphwa, fumbi limangoti koboo m'misewu, ndipo amayi amalawirira tambala woyamba kukadikirira madzi ochepa otsala m'michera. Ana ambiri amatsegula m'mimba chifukwa chomwa madzi oipa, mizere ya pa chipatala n'kutalika. Kenaka tsiku lina a zanyengo amalengeza pa wailesi kuti mphepo yachinyontho yochokera ku Congo yayamba kulowa m'dziko muno. Mitima imakhala pansi, ndipo mbewu zimatsitsidwa pa tsindwi.

Mawu akuti "mphepo yochokera ku Congo" amamveka chaka ndi chaka, koma ndi anthu owerengeka amene amadziwa chimene chiri kumeneko choti n'kunyowetsa mphepo. Kumeneko kuli nkhalango yaikulu yowirira, kumene mvula imagwa mwezi uliwonse. Munthu angathe kubadwira m'menemo, kukula mpaka kuyendera ndodo, osaonako chilimwe chonga cha ku Chikwawa kapena chisanu chonga cha ku Dedza. Nkhalangoyo siingolandira mvula ayi. Gawo lalikulu la mvula yake imadzipangira yokha. Ndipo nyengo imeneyi, ya kutentha ndi chinyontho chosatha, ndiyo imalamula zimene anthu a kumeneko amadya, matenda amene amadwala, ndi zimene zimawagwera mitengo ikadulidwa.

Kumene nkhalangozi ziri

Dziko lapansi ndi lobulungira ngati dzungu. Pakatikati pake akatswiri a mapu amalembapo mzere wolizungulira wotchedwa Ikweta. Mzerewu uli kumpoto kwa Malawi, pa mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Karonga. Nkhalango za mvula zimapezeka m'maiko amene ali pa mzerewu kapena pafupi nawo.

Zikuluzikulu ziripo zitatu. Yoyamba, imene iri yaikulu koposa zonse, ndi ya Amazon ku South America, ndipo gawo lalikulu la nkhalangoyo liri m'dziko la Brazil. Yachiwiri ndi ya Congo, pakati pa Africa. Yachitatu inamwazikana m'zilumba ndi m'maiko a Indonesia, Malaysia ndi Papua New Guinea.

Nkhalango ya Congo yafunga maiko asanu ndi limodzi: Democratic Republic of Congo, limene kuyambira 1971 mpaka 1997 linkatchedwa Zaire, Republic of Congo, Cameroon, Gabon, Central African Republic ndi Equatorial Guinea. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 2 miliyoni, kutanthauza kuti dziko la Malawi, kuphatikizapo nyanja yake, lingalowemo koposa kakhumi ndi kasanu. Pakati pake pamadutsa mtsinje wa Congo, wotalika makilomita 4,700, umene umawoloka mzere wa Ikweta kawiri usanathire m'nyanja yamchere ya Atlantic. Umodzi mwa mitsinje imene imauyambitsa ndi Chambeshi, wa kumpoto kwa Zambia.

Amalonda ndi oyendetsa magalimoto amene amafika ku Lubumbashi asaganize kuti nkhalangoyi anaiona. Ku Lubumbashi mitengo yake ndi ya mombo ndi masuku ngati kuno komwe, ndipo chilimwe chiriko. Nkhalango yeniyeni ya mvula imayambira kutali kumpoto, kumbali ya mizinda ya Kisangani ndi Mbandaka.

Tsiku limodzi ku Mbandaka

Mzinda wa Mbandaka uli m'mphepete mwa mtsinje wa Congo, pa mzere wa Ikweta penipeni. Kumeneko dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi kulowa cha m'ma 6 koloko madzulo, Januwale mpaka Disembala. Usiku wautali wa mu Juni ndi usana wautali wa mu Disembala, zimene anthu a kuno anazolowera, kumeneko kulibe.

M'bandakucha nkhungu imakhala itakuta mtsinje ndi nsonga za mitengo, masamba ali nowanowa ndi mame. Iyi ndiyo nthawi yozizirirako pa tsiku lonse, komabe munthu safuna bulangete lochindikala kapena kuwotha moto. Dzuwa likakwera nkhunguyo imabalalika, kumwamba n'kuyera. Pofika m'ma 10 koloko timitambo toyera timayamba kuoneka apa ndi apo. Masana timitamboto timakhala titakula n'kusanduka zimitambo zazitali, zoyera pamwamba koma zakuda bii pansi pake. Mphepo imaleka kuwomba, kunja kumangoti zii, ndipo malaya amamatirira pa msana ngakhale munthu atangokhala pa mthunzi.

Kenaka dzuwa litapendeka, mphepo yozizira imadza mwadzidzidzi, ziphaliwali zimang'anima, mabingu amagunda, ndipo chimvula chimatsika ngati wina wapendeketsa mtsuko. Kawirikawiri sichikhalitsa, ola limodzi kapena awiri chakata. Dziko la Congo, makamaka chigawo chake cha kum'mawa, ndi limodzi mwa malo amene mphezi zimachuluka koposa pa dziko lapansi. Mvula ikakata, nthaka imafuka nthunzi, achule ndi nkhululu zimayamba phokoso, ndipo usiku umadza wofunda ndi wachinyontho.

Sikuti mvula imagwa tsiku lirilonse ayi. Pamapita masiku angapo kuli ng'amba, ndipo miyezi ina mvula imachepa kusiyana ndi inzake. Koma mwezi wathunthu wopanda mvula ndi chinthu chachilendo.

Kuchuluka kwa mvula ndi kutentha

A zanyengo amayeza mvula m'mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi itathiridwa pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kuti dera litchedwe la nyengo ya nkhalango za mvula, mwezi wake wouma koposa uyenera kulandira mamilimita osachepera 60. Ku Lilongwe, miyezi ya Juni, Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala yonse pamodzi siifika pamenepo.

Pa chaka chonse Lilongwe amalandira mamilimita pakati pa 800 ndi 900. Mbali zambiri za nkhalango ya Congo zimalandira pakati pa 1,500 ndi 2,000, ndipo mbali zambiri za Amazon zimaposa 2,000. Mudzi wa Debundscha, m'tsinde mwa phiri la Cameroon, umalandira pafupifupi 10,000. Kunena mwachidule, madzi a mvula ya chaka chimodzi akanati azingokhala pamene agwerapo, osalowa pansi kapena kuyenderera, ku Lilongwe akanafika munthu wamkulu m'chiuno, pakati pa Congo akanam'miza mutu, ndipo ku Debundscha akanamiza nyumba yosanjikiza katatu.

Kutentha kwake sikodabwitsa. Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37. M'nkhalango ya Congo masana kumafika madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono, usiku n'kutsika kufika 21 kapena 22. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala kumatha kupitirira madigiri 40, choncho chigwa cha Shire chimatentha koposa. Chodabwitsa n'chakuti kutentha kwa m'nkhalangoyi sikusintha. Mwezi wotentha koposa ndi mwezi wozizira koposa imasiyana ndi madigiri awiri kapena atatu okha. Usana ndi usiku wa tsiku limodzi zimasiyana kwambiri kuposa mmene Januwale amasiyanirana ndi Julayi.

Gwero la zonsezi ndi dzuwa. Pa Ikweta dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pa chaka, mu Malichi ndi mu Sepitembala, ndipo miyezi inayo silipendekera kutali. Limatenthetsa nthaka ndi madzi, mpweya wofunda wodzala ndi nthunzi n'kukwera kumwamba. Kumwambako n'kozizira, kotero nthunziyo imasanduka madontho, monga mmene zimachitikira pansi pa chivundikiro cha poto wowira. Madonthowo akachuluka ndi kulemera, amagwa ngati mvula.

Mpweya wokwerawu umapanga lamba wa mitambo wozungulira dziko lonse, ndipo lambayu amatsata dzuwa: amapita kumpoto pakati pa chaka, n'kubwerera kumwera chakumapeto kwa chaka. Ku Malawi amafika kamodzi kokha, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo limeneli ndilo dzinja. Koma pa Ikweta amadutsapo kawiri, popita ndi pobwerera, ndipo sapita kutali kwambiri. N'chifukwa chake kumeneko mvula imachuluka kawiri pa chaka, cha mu Malichi mpaka Meyi ndiponso cha mu Sepitembala mpaka Novembala, osalekeratu pakati pake.

Mitengo imene imapanga mvula

Dzuwa ndi mphepo ya ku nyanja pazokha sizikanakwanitsa kunyowetsa dera lalikulu chotere, pakuti pakati pa nkhalangozi ndi kutali kwambiri ndi nyanja zamchere. Ntchito yotsalayo imagwiridwa ndi mitengo.

Tsamba lirilonse liri ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mizu imakoka madzi pansi, madziwo amakwera m'thunthu, n'kutulukira m'timabowoto ngati nthunzi. Aliyense angathe kudzionera yekha zimenezi. Atamanga jumbo yoonekera m'kati ku nthambi ya masamba ambiri m'mawa, pofika masana adzapeza madontho a madzi m'jumbomo. Mtengo umodzi waukulu umatulutsa malita mazanamazana pa tsiku lotentha. Tsono nkhalango ya mitengo yosawerengeka iri ngati nyanja yoimirira, yofuka nthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa ku Brazil, Enéas Salati, pamodzi ndi anzake, anayeza madzi a mvula m'malo osiyanasiyana a Amazon. Anapeza kuti pafupifupi theka la mvula ya kumeneko ndi madzi amene nkhalango yomweyo inabweza kumwamba. Mphepo imatenga chinyontho ku nyanja, mvula imagwa, mitengo imamwa n'kubweza, mphepo imakankhira nthunziyo patsogolo, mvula n'kugwanso. Madzi omwewo amagwa kangapo asanafike kumalire a nkhalango, ndipo otsalawo amapitirira kukanyowetsa minda ya anthu okhala kutali. Nkhalango ya Congo imachitanso chimodzimodzi.

M'kati mwa nkhalango muli nyengo yakeyake. Mitengo imatalika mamita 30 mpaka 45, ina yowerengeka n'kupitirira 50, ndipo nthambi zake zimalukana kukhala denga la masamba. Pa magawo 100 a kuwala kwa dzuwa, amene amafika pansi ndi awiri okha kapena kuchepera. Pansi pamakhala kachisisira ngakhale masana, mphepo siwomba, ndipo chinyontho sichichoka. Dengalo limalandira mphamvu ya mvula, madzi n'kumatsika pang'onopang'ono m'masamba ndi m'makungwa. Akafika pansi amapeza masamba owolerana ndi mizu yolukana, zimene zimawagwira ndi kuwalowetsa m'nthaka. Ichi ndicho chifukwa chake akasupe ndi mitsinje ya m'nkhalango siiphwa.

Munthu woona mitengo ikuluikulu chonchi angaganize kuti nthaka yake ndi yachonde kwambiri. Koma m'madera ambiri si choncho. Mvula ya zaka zosawerengeka inatsuka chonde m'nthakamo. Chuma chonse chiri m'mitengo ndi m'masamba. Tsamba likagwa, chiswe, bowa ndi tizirombo tina timaliwoletsa m'masabata kapena miyezi yochepa, mizu n'kumwanso chondecho nthawi yomweyo. Munthu akadula ndi kutentha mitengo, munda umabereka zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka n'kuguga.

Walira mvula walira matope

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nyengo imene imameretsa mitengo usana ndi usiku imaleranso tizirombo toyambitsa matenda.

Choyamba ndi thupi lenilenilo. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma. M'nkhalangozi mpweya umakhala utakhuta kale chinyontho, kawirikawiri magawo oposa 80 pa 100, kotero thukuta limangoyenderera osauma. Munthu wogwira ntchito yolemetsa amatopa msanga, amataya madzi ambiri m'thupi, ndipo angathe kukomoka. Khungu losauma limagwidwa ndi chipere ndi zikanga, kabala kakang'ono n'kusanduka chilonda chosapola msanga. Nthaka yofunda, yonyowa ndi yamthunzi imasunga mphutsi za njoka zam'mimba zimene zimalowera ku mapazi a munthu woyenda wopanda nsapato, n'kukayamwa magazi m'matumbo.

Chakudya nachonso sichisungika. Chimanga ndi mtedza zimachita chuku msanga, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni woononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mwa zifukwa zina, n'chifukwa chake anthu a m'nkhalango ya Congo amadalira chinangwa ndi nthochi. Chinangwa nkhokwe yake ndi nthaka. Amakumba chongokwanira masiku ochepa. Koma chinangwa chiri ndi zomanga thupi zochepa, ndipo mwana woleredwa ndi chinangwa chokha, popanda nsomba, nyemba kapena chigwada, amatupikana.

Mdani wamkulu ndi malungo. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kukakhala kofunda, dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku khumi okha kapena kucheperapo. Tizirombo ta malungo nato timafuna masiku 10 mpaka 14 m'mimba mwa udzudzu tisanakhwime, ndipo kukazizira kwambiri timaleka kukula. Kuno ku Malawi malungo amachuluka m'dzinja ndi kumayambiriro a masika, n'kuchepako nthawi ya chisanu, makamaka kumapiri. M'nkhalango ya Congo mulibe chisanu kapena chilimwe choti n'kudula mzerewu. Udzudzu umaswana miyezi yonse 12. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022, mwa anthu 100 alionse amene anadwala malungo pa dziko lapansi, pafupifupi 12 anali a ku Democratic Republic of Congo. Dziko la Nigeria lokha ndilo linaposa pamenepo.

Palinso matenda a yellow fever, amene amakhala mwa anyani a m'nkhalango, udzudzu n'kuwatengera kwa anthu. Wodwala amatentha thupi, ena maso amachita chikasu, amasanza magazi, ndipo ambiri mwa ofika pamenepa amamwalira. Katemera wake anapangidwa mu 1937 ndi Max Theiler, ndipo kubayitsa kamodzi kumateteza moyo wonse. Aliyense wopita ku Congo amafunsidwa khadi lachikasu losonyeza kuti anabayitsa. Kugula khadilo mwachinyengo osabayitsa n'kudzikumbira dzenje.

M'mphepete mwa mitsinje yamithunzi mumakhala kashembe wofalitsa kaodzera, ndipo kwa zaka zambiri odwala kaodzera ochuluka koposa pa dziko lonse akhala akupezeka ku Congo. M'mitsinje yothamanga mumaswana tintchentche takuda tofalitsa matenda oyabwitsa thupi koopsa, amene akakhalitsa amachititsa khungu. Matenda awiriwa si achilendo kuno: mtundu wina wa kaodzera umapezeka pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, ndipo matenda oyabwawo amadziwika bwino ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, kumene anthu akhala akulandira mankhwala a Mectizan chaka ndi chaka.

Komabe nkhalango sizinapereke matenda okha. Kwinini, mankhwala akalekale a malungo, amachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, wa m'nkhalango zonyowa za m'mapiri a Andes ku South America. Akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndiwo anamulekanitsa ndi khungwalo mu 1820. Mtengo wa labala wolimidwa ku Nkhata Bay kwawo ndi ku Amazon, ndipo chinangwa cha kondowole nachonso chinachokera kumalire a nkhalango yomweyo.

Mitengo ikagwa

Wina angaganize kuti popeza chinyontho cha nkhalango chimalera matenda, kudula mitengo kungachepetse matendawo. Zimene zaoneka n'zosiyana ndi maganizo amenewa.

Denga la masamba likachoka, dzuwa limafika pansi, nthaka n'kutentha kwambiri. Madzi amadikha m'mikwaso ya magalimoto odzatenga matabwa, m'maenje a okumba miyala yamtengo wapatali ndi m'maiwe a nsomba, ndipo dzuwa limawafunditsa. Mitundu ya udzudzu imene imafalitsa malungo kwambiri imakonda zithaphwi zotere. Kafukufuku wochitika pafupi ndi mzinda wa Iquitos ku Peru, amene anasindikizidwa mu 2006, anapeza kuti udzudzu wa malungo unkaluma anthu kochuluka zedi m'malo odulidwa mitengo kusiyana ndi m'nkhalango yosakhudzidwa.

Misewu yolowa m'nkhalango imakumanitsanso anthu ndi nyama zosunga matenda oopsa. Ebola inadziwika koyamba mu 1976, ndipo m'dera la Yambuku, kumpoto kwa Zaire, mwa anthu 318 amene anadwala, 280 anamwalira. Mliri waukulu wa 2014 mpaka 2016 unayambira m'chigawo cha nkhalango cha dziko la Guinea, n'kupha anthu oposa 11,000. Kawirikawiri matendawa amalowa m'mudzi kudzera mwa munthu amene wakhudza kapena kusenda nyama ya m'tchire yodwala kapena yopezeka itafa yokha.

Mvula nayo imasintha. Mitengo ikachepa, nthunzi yobwerera kumwamba imachepa, miyezi youma n'kutalika. Ku Amazon kunagwa chilala choopsa mu 2005, 2010 ndi 2023. Mu Okutobala 2023, mtsinje wa Negro pa mzinda wa Manaus unatsika kuposa chaka china chirichonse chiyambire kuuyeza mu 1902, ndipo mu 2024 unatsikanso koposa pamenepo. Mabwato analephera kuyenda, midzi yambiri inasowa chakudya, madzi abwino ndi mankhwala. Zilala zimenezi zinadza makamaka chifukwa cha kutentha kwa nyanja zamchere ndi kusintha kwa nyengo pa dziko lonse, koma akatswiri akuchenjeza kuti kudula mitengo kukuthira mafuta pa moto. Ku Indonesia, mu 1997 ndi 2015, nkhalango zodulidwa ndi madambo oumitsidwa zinapsa kwa miyezi. Utsi unafika ku Malaysia ndi Singapore, masukulu anatsekedwa, ndipo anthu ochuluka anadwala chifuwa ndi kubanika.

Tinkhalango ta kuno kwathu

Dziko la Malawi liribe nyengo yonga ya ku Mbandaka, pakuti chilimwe chake n'chachitali. Mvula yake imadza ndi lamba wa mitambo uja, ndi mphepo yodutsa pa nkhalango ya Congo, ndiponso nthawi zina ndi anamondwe ochokera ku nyanja ya Indian. Koma pamene phiri latchinga mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja, pamamera tinkhalango tobiriwira chaka chonse, abale ang'onoang'ono a nkhalango ya Congo. Tiripo m'mapiri a Misuku ku Chitipa, ku Mkuwazi m'boma la Nkhata Bay, pa phiri la Ntchisi, ndi m'zigwembe za phiri la Mulanje.

Kumwera kwa phiri la Mulanje mvula imaposa mamilimita 2,000 pa chaka. M'miyezi ya chisanu kumadza chiperoni, nkhungu ya mawawa imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Masamba a mitengo ya m'phiri amakola nkhunguyo, madontho n'kumagwera pansi ngakhale mvula isanagwe. Madzi amenewa ndiwo amadyetsa Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, mitsinje imene anthu zikwizikwi amamwa.

Tinkhalangoti tikutha. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro a zaka za m'ma 2000. Phiri likametedwa, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga pamwamba, n'kukokolola nthaka, zimbudzi ndi zinyalala kukathira m'zitsime. M'dzinja madzi amasefukira, m'chilimwe kasupe n'kuphwa, ndipo nthawi zonse ziwiri matenda otsegula m'mimba ndi kolera amapeza njira. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala m'mapiri a Soche, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Napolo angathe kutuluka ngakhale m'phiri la mitengo mvula ikachuluka kopitirira muyezo, koma phiri lometedwa liribe choligwira.

Zoyenera kuchita

Dzinja la kuno, makamaka m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, limafanana ndi nyengo ya m'nkhalango za mvula kwa miyezi inayi kapena isanu. Kotero maphunziro a kumeneko ndi a banja lirilonse.

Banja lonse lizigona m'neti usiku uliwonse, ndipo maenje ndi zithaphwi za pafupi ndi nyumba zikwiriridwe. Mwana akatentha thupi apite naye ku chipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini. Ana azivala nsapato, ndipo pakhomo pakhale chimbudzi cholimba. Zovala ndi zofunda ziziyanikidwa mpaka ziume, bala litsukidwe ndi sopo likadali laling'ono. Chimanga ndi mtedza ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe kapena m'thumba, ndipo zachuku zisadyedwe. Nyama yopezeka itafa yokha isakhudzidwe.

Mudzi nawo uli ndi gawo lake. Mitengo ya pa kasupe, ya m'mphepete mwa mtsinje ndi ya pa phiri isadulidwe. Pamene inatha, pabzalidwe yachilengedwe monga mbawa, katope, mkuyu ndi mwimbi, ndipo ziphukira za pa zitsa zitetezedwe ku moto ndi mbuzi. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo alangizi a za nkhalango ali okonzeka kuthandiza mafumu ndi anthu awo.

Mlimi wa ku Kasungu sangathe kuletsa nkhwangwa ya ku Kisangani. Koma mtengo wa pa kasupe wa m'mudzi mwake umagwira ntchito yomweyo imene mitengo ya ku Congo imagwira: kusunga madzi pansi ndi kubweza chinyontho kumwamba. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Mudzi wanzeru sudikira kuti chiphwe.